Kugulitsa galimoto kuno ku Joni: boma limadya zingati, amalipira ndani, komanso nkhani ya fomu yachikasu ija

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina kutchalitchi, wina pa WhatsApp usiku ndithu, wina tinakumana pogula ufa ku Mayfair, onse akuti "achimwene ndikufuna ndigulitse kagalimoto kanga ndizipita kumudzi Disembala, kodi aboma andidya zingati?" Ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha, ine pakamwa patopa.

Yankho lachidule ndi lakuti inu wogulitsa, ngati mapepala anu ali bwinobwino, boma la South Africa silikutengerani pafupifupi kalikonse. Galimoto si nyumba yoti pali msonkho wosinthira umwini wowerengera pa mtengo ayi. VAT simulipira chifukwa inu si bizinesi yolembetsedwa, mukungogulitsa katundu wanu, ndipo a SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, galimoto yoyendera iwe mwini amaiwerenga ngati katundu wapakhomo, sakudula msonkho wa phindu ngakhale utachita mwayi n'kuigulitsa modula kuposa mmene unagulira. Izi ndikunena munthu wogulitsa galimoto yake imodzi, osati anzathu aja ogula ku okushoni mwezi ndi mwezi n'kumagulitsa pa Facebook, imeneyo ndi geni ndipo malamulo ake ndi ena. Ndalama zaboma zenizeni zimagwera wogula, yolembetsera galimoto m'dzina lake ndi ya layisensi yatsopano. Koma pali njira imodzi yomwe wogulitsa amaluzira ndalama zambiri zedi, ndipo ine ndinaidutsa njira imeneyo ndi mapazi anga.

Ndinali ndi ka Tazz koyera, kokalamba koma injini yake ngati wotchi. Ndinagulitsa kwa m'bale wina yemwe tinkapemphera limodzi, munthu wabwino ndithu, mpaka lero ndilibe naye chifukwa. Tinawerengerana ndalama pa bonati, ndinamupatsa makiyi, mapepala onse kuphatikizapo fomu yomwe ndinasainira kale, iye amvekere "musadandaule achimwene, Lolemba lomweli ndikasintha dzina." Lolemba lija linakhala mwezi, mwezi unakhala chaka, kenako iye anagulitsanso kwa munthu wina amene ine sindinamuonepo nkhope, mwini wake n'kusamukira ku Cape Town foni n'kusintha. Ine osadziwa kanthu. Tsiku lina ndapita kukatenga disiki ya layisensi, ija timamata pagalasi, ya bakkie (pikapu) yanga yomwe ndimagwirira ntchito, ndaima pamzere kuyambira mmawa, ndafika pa kauntala mayi uja wagogoda kompyuta, wandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kutembenuza sikirini kuti ndione ndekha. Ka Tazz kaja kali pompo m'dzina langa, layisensi yosalipira, zilango zitaunjikana. Akuti disiki ya bakkie situluka mpaka ngongole ya galimoto inayo ithe. Ndinayesa kufotokoza kuti mayi galimoto imeneyo ndinagulitsa kalekale, anangondifunsa funso limodzi, kuti pepala losonyeza kuti munatidziwitsa lili kuti. Ndinalibe. Ndinalipira ndalama ya galimoto yomwe sindikudziwa ngakhale komwe imagona.

Ndiye tiyeni tiyambe pachiyambi, musanaike n'komwe zithunzi pa Marketplace kapena Gumtree.

Choyamba tulutsani satifiketi ya galimoto, ija kwathu timati bulubuku, kuno anthu amangoti pepala la NaTIS, dzina la kompyuta ya boma yosunga mbiri ya magalimoto. Si disiki ya pagalasi ija ayi, ndi pepala lalikulu lija lomwe ambiri timasunga pansi pa matiresi. Muwerenge bwinobwino chifukwa pali maina awiri, pena palembedwa owner pena title holder. Owner ndi amene akuigwiritsa ntchito ndi kulipira layisensi, title holder ndi amene ali ndi mphamvu yogulitsa. Ngati munagula kashi maina onse awiri akuyenera kukhala anu. Ngati munagula pangongole ya kubanki ndiye kuti title holder ndi banki, pepala lenilenilo lili kwa iwo, ndipo simungagulitse mwalamulo mpaka mutawapempha kalata yonena ndalama yotsala, settlement letter, n'kumaliza ngongoleyo, apo ndi pomwe amakutumizirani pepala la orijino ndi makalata awo osonyeza kuti alibe nanu mangawa. Zimatenga masiku, ndiye musalonjeze wogula kuti mawa zonse zikhala zatheka.

Pepalalo likasowa, apa ndiye pali ndalama yaboma yoyamba yomwe ingakugwereni inu wogulitsa. Mumapita ku ofesi ya layisensi nokha ndi chiphaso chanu, kudzaza fomu ya DRC yopempha lina ndi ya DCT yolumbira kuti linatayika, ndipo mtengo wake amaika ndi a provinsi, Gauteng wake, Western Cape wake, KwaZulu-Natal wake, koma konseko si ndalama yoseweretsa, ndi marandi mazanamazana. Amachita dala kulimbitsa chifukwa akuba galimoto amadzera pomwepa. Wopempha akuyenera kukhala title holder, ndiye ngati galimoto munagula kwa munthu amene nayenso sanasinthe dzina, ija timati galimoto ya mapepala a eni ake, muli pa ntchito yofufuza munthu amene dzina lake lili pa pepalapo, ndipo ndikuuzeni zoona, galimoto zambiri zomwe timagulitsana tokhatokha a Malawi zili m'gulu limeneli. Konzani zimenezo kaye. Kugulitsa galimoto yomwe sili m'dzina lanu ndi kupatsira mnzanu matenda omwe inu munapatsiridwa.

Chachiwiri yang'anani disiki pagalasipo, tsiku lothera. Layisensi kuno imakhala ya miyezi 12, ikatha amakupatsani masiku 21 achisomo, akadutsa amenewo zilango zimayamba. Kawerengedwe kake n'kosavuta koma kamapweteka, mwezi uliwonse womwe mwachedwa mumalipira gawo la layisensi la mwezi umenewo, kuphatikiza chilango cha 10 peresenti ya layisensi ya chaka chonse, ndipo mwezi ukangoyambika amauwerenga wathunthu. Tingoyerekeza kuti galimoto yanu layisensi yake ndi R600 pachaka, nambala yongopeka kuti masamu aphweke. Mwezi umodzi ndi R50 ya layisensi yotsalira ndi R60 ya chilango. Miyezi isanu ndi umodzi ndi R300 ndi R360, pamodzi R660, musanalipire n'komwe chaka chatsopano. Chilangocho chili ndi polekezera, sichipitirira ndalama ya layisensi yomwe mukuyenera kulipira, komabe mwaona kuti ngongole imangowirikiza kawiri mukugona. Ngongole imeneyi ndi yanu wogulitsa chifukwa inabadwa galimoto ili m'manja mwanu, ndipo wogula wochenjera akaona disiki yakutha adzakuchotserani pa mtengo ndalama yoposa yomwe mukanalipira ku ofesi.

Matikiti apamsewu nawonso muwafufuze. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane amayendera dongosolo la matikiti lotchedwa AARTO kuyambira 2008, tikiti ukailipira pasanathe masiku 32 amakudulira theka, ukainyalanyaza imakwera masitepe mpaka kufika pa enforcement order, lamulo lokukakamiza kulipira, ndipo ikafika pamenepo kompyuta imakutsekera, disiki situluka, layisensi yoyendetsera sungaikonzenso. Matikiti ndi a munthu osati a galimoto, ndiye musaganize kuti mukagulitsa apita nayo limodzi. Atsala ndi inu. Za e-toll zija, zipata zamakamera zolipiritsa pa misewu ikuluikulu ya Gauteng, musavutike nazo pa nkhani ino, anazizimitsa mu Epulo 2024, wogula asakuopsezeni nazo pofuna kutsitsa mtengo.

Tsopano roadworthy, yomwe kwathu tingaifanizire ndi COF, kungoti kuno galimoto yapakhomo siipita kukayezedwa chaka chilichonse, imayezedwa ikamasintha mwini. Apa ndi pomwe anthu amakanganirana kwambiri kuti alipire ndani. Lamulo limafuna kuti wogula akhale nayo kuti apatsidwe disiki, silinena kuti ndalama ituluke m'thumba la ndani, ndiye ndi nkhani yokambirana. Maganizo anga ndi akuti inu wogulitsa kapangitseni nokha n'kuiphatikiza pa mtengo. Ndikudziwa ena akana, ati bwanji ndiwononge ndalama pa galimoto yomwe ikupita. Chifukwa chake ndi ichi, wogula amene wapatsidwa galimoto yopanda roadworthy amapita kukayezetsa, amamuuza kuti matayala awiri atha, shoko ikudontha, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu, iye ndalama zonse wakupatsani inu, ndiye amati ndidzapanga mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawa umenewo ndi womwe unandipweteka ine. Mukamupatsa zonse zili tayale alibe chonamizira.

Kokayezetsa kulipo kwa khonsolo komanso kwa makampani ovomerezeka monga DEKRA ndi ena ambiri ang'onoang'ono, mumatenga pepala la galimoto, chiphaso chanu, kudzaza fomu ya ACR, mtengo ndi marandi mazana angapo kutengera malo, ndipo imbani kaye foni malo awiri atatu chifukwa amasiyana. Amaona mabuleki, magetsi onse, matayala, chiwongolero, malamba, hutala, mawaipa, utsi, kudontha kwa oilo, komanso nambala ya injini ndi ya chasisi ngati zikugwirizana ndi zapapepala. Babu lakupsa la R30 likhoza kukugwetsani, ndiye zungulirani galimoto madzulo ake wina akuponderani buleki. Chofunika kukumbukira, satifiketi imeneyi imakhala ndi moyo masiku 60 okha. Musathamangire kukayezetsa wogula asanapezeke, mudzalipira kawiri. Ndipo aja amati tipatseni chakuti tikubweretsereni pepala galimoto osapita n'komwe, asiyeni, pepala lotero likadzagwidwa limafufutidwa mu kompyuta ndipo dzina lomwe lili pafupi ndi lanu.

Ngati disiki inatha kalekale moti galimoto singayende pamsewu kupita koyezetsa, pali pemiti yapadera ya masiku atatu yomwe mumagula ku ofesi ya layisensi, ndipo palinso ina ya masiku 21 yoyendera podikira kulembetsa. Zonsezi n'zolipira, koma n'zotchipa kuyerekeza ndi kukumana ndi a JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, ulibe kanthu pagalasi.

Chinthu china chomwe a kuno eni dziko saganizira n'komwe koma kwa ife ndi nkhani yaikulu, wogula wanuyo ali ndi TRN? Munthu amene alibe ID ya South Africa sangalembetse galimoto m'dzina lake ndi pasipoti yokha, amayenera kukhala ndi traffic register number, nambala yomwe kompyuta ya NaTIS imamudziwira. Amafunsira pa fomu ya ANR, ndi pasipoti, pemiti yokhalira m'dziko muno, zithunzi ndi umboni wa komwe amakhala, ndipo situluka tsiku lomwelo nthawi zonse chifukwa amayamba atsimikiza kaye mapepalawo. Ndiye funso limeneli mufunse pa foni pomwe, musanakumane. Akayamba zoti "ndigwiritsa ntchito dzina la mlamu wanga" palibe vuto bola mlamuyo abwere yekha ndi chiphaso chake adzasaine, chifukwa pamaso pa boma wogula ndi mlamuyo. Koma akati "ingoisiyani kaye m'dzina lanu mpaka pemiti yanga ituluke", abale anga kanani. Kanani mwaulemu, mugulireni ngakhale kolodirinki, koma kanani. Ndikudziwa kuti n'zovuta kukaniza munthu wakwanu, wa mudzi umodzi, mwina munakwera basi imodzi kuchokera ku Wenela, koma lamulo la pamsewu la kuno, National Road Traffic Act ya 1996, lili ndi gawo 73 lomwe limati galimoto ikapalamula ndipo woyendetsa sakudziwika, amayamba aganiza kuti ankayendetsa ndi mwini wake, zili kwa iye kutsutsa. Kamera ikajambula ndi inu. Ikagunda munthu n'kuthawa apolisi amagogoda pa adiresi yanu. Ikapezeka pamalo pomwe pabedwa, ndinu mlendo m'dziko la eni, mukudziwa nokha mmene zimakhalira.

Lafika tsiku logulitsa. Kumanani masana pamalo pa anthu, pa filing'i siteshoni kapena pafupi ndi polisi, musapite nokha. Lembani kalata ya mgwirizano, siifuna loya, pepala wamba lokwanira: maina anu nonse ndi manambala a ziphaso, mtundu wa galimoto, nambala puleti, nambala ya chasisi ija ya VIN ya zilembo 17, nambala ya injini, makilomita omwe yayenda, mtengo, tsiku, ndipo muikepo ndi nthawi yeniyeni, kuti 14:30, chifukwa tikiti ya kamera ya tsiku lomwelo madzulo mudzaikana ndi chiyani. Mulembemo kuti mwagulitsa voetstoots, mawu achibunu otanthauza kuti waitenga mmene ilili. Pa malonda a munthu ndi munthu mawu amenewa amagwira ntchito, koma samakutetezani ngati munabisa dala vuto lomwe mukulidziwa, ndiye ngati giyabokosi imalira ikatentha nenani ndipo mulembe pomwepo. Makope awiri, aliyense yake, mboni isaine.

Ndalama ziyambe zalowa. Osati SMS, osati chithunzi cha proof of payment pa WhatsApp, zimenezo ana asukulu amapanga pa foni mphindi ziwiri. Tsegulani app ya banki yanu muone balansi yasintha, ngati mabanki ndi osiyana muuzeni atumize ya pompopompo alipire kandalama kowonjezerako, apo ayi galimoto igone kwanu mpaka ndalama ioneke. Ya kashi kawerengereni m'banki momwe n'kuiponya mu akaunti nthawi yomweyo.

Kenako fomu yachikasu. Dzina lake ndi NCO, yodziwitsa boma kuti umwini wasintha, imapezeka ulere ku ofesi ya layisensi komanso pa webusaiti ya NaTIS mutha kupirinta, ikatuluka yoyera musadabwe ndi yomweyo. Ili ndi mbali ya wogulitsa, mbali ya wogula ndi mbali ya galimoto, nonse musaine. Dzazani ziwiri. Imodzi apite nayo wogula, inayo ndi yanu pamodzi ndi kope ya chiphaso chake kapena TRN yake yodindidwa. Kudinditsa makope ndi ulere ku polisi iliyonse, mumangopita ndi orijino ndi fotokope, ndipo ambiri amafuna chidindo chosapitirira miyezi itatu. Musasaine fomu yomwe mbali ya wogula ili yopanda kanthu. Anthu ogula n'kugulitsanso amakonda kupempha zimenezi kuti dzina lawo lisaoneke paliponse, galimoto idumphe kuchoka kwa inu kupita kwa munthu wachitatu, ndipo pakati ponsepo mwini wake ndinu.

Ndiye apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Fomu yanu ija mukaipereke NOKHA ku ofesi ya layisensi ya dera lanu. Lamulo limakupatsani masiku 21 koma ine ndimati mawa lake mmawa, kapena tsiku lomwelo ngati nthawi ilipo. Kuno ku Joni maofesi alipo ambiri, Langlaagte, Randburg, Roodepoort, Midrand, Marlboro, pitani ya kufupi ndi adiresi yomwe galimoto inalembetsedwera. Mutenge chiphaso chanu, kope ya cha wogula, kope ya pepala la galimoto ndi kalata ya mgwirizano ija. Kupereka NCO salipiritsa. Akailowetsa mu kompyuta imalemba kuti galimoto yakuti inagulitsidwa tsiku lakuti kwa uje, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya layisensi ndi ya wogula, kaya achedwa kaya sapita n'komwe ndi zake. Musachoke pa kauntala opanda umboni, apempheni akudindireni kope yanu kapena akupatseni pepala lotuluka mu kompyuta, mulijambule pa foni, mudzitumizire pa imelo, chifukwa foni zimabedwa. Tsiku limodzi lojomba kuntchito limawawa, makamaka ife olipidwa patsiku, komabe ine ndinataya ndalama yoposa malipiro a sabata chifukwa chokana kutaya tsiku limodzi.

Njira yabwino koposa, ngati wogula ndi wa dera lomwelo, ndi kupitira limodzi. Inu mukupereka NCO iye akulembetsa, mukutuluka pakhomo galimoto ili kale m'dzina lake, kenako mukadye pap ndi nyama mwamtendere.

Mbali ya wogula ndiifotokozenso chifukwa mawa wogula ndinu, komanso kuti muzitha kumuuza ndalama yoti asunge pambali asanakupatseni zonse. Iyenso ali ndi masiku 21 kuchokera tsiku logula. Amadzaza fomu ya buluu, RLV, n'kupereka pepala la orijino la galimoto lomwe mwamupatsa, NCO yake, roadworthy, chiphaso kapena TRN, kalata ya mgwirizano ngati umboni wogulira, ndi umboni wa komwe amakhala. Umboni umenewu umativuta ambiri chifukwa timakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni, bilu ya magetsi sili m'dzina lathu. Njira yake ndi yakuti landilodi alembe afidaviti ku polisi kuti mumakhala pakhomo pake n'kuphatikiza bilu yake, ndipo okhala m'mikuku ngati mbali zina za Diepsloot amakatenga kalata yodinda kwa khansala wa wodi.

Zolipira zake ndi zitatu. Pali ya kulembetsa, yomwe ndi ndalama yokhazikika, siyendera mtengo wa galimoto, wogula Polo Vivo ndi wogula Fortuner amalipira yofanana mu provinsi imodzi, ndipo ndi yochepa. Pali ya layisensi ya miyezi 12, iyi ndiye yaikulu, ndipo imayendera kulemera kwa galimoto ili yopanda katundu, nambala ija yalembedwa kuti tare pa disiki, osati chaka chake kapena mtengo wake, ndiye chi Mercedes chakalekale chogula motchipa chikhoza kulipira layisensi yoposa kagalimoto katsopano. Provinsi iliyonse ili ndi mitengo yake ndipo amaisintha pafupipafupi, funsani pa kauntala kapena imbani musanapite. Pamwamba pake pali kandalama ka RTMC, bungwe loyendetsa kompyuta ya NaTIS, komwe kwa zaka zingapo tsopano kakhala R72 pa layisensi iliyonse. Chomwe chimadabwitsa anthu ndi chakuti disiki yanu yakale ija, ngakhale itatsala ndi miyezi isanu ndi itatu, sipitirira kwa mwini watsopano, iye amayamba chaka chake. Ndiye musathamangire kukonzanso disiki sabata yomwe mukugulitsa poganiza kuti mukukometsa malonda, bola isakhale ndi ngongole basi. Akachedwa kupitirira masiku 21 chilango chija cha 10 peresenti pamwezi chimamupeza nayenso. Ndipo akapita opanda roadworthy amatha kumulembetsa n'kulandira ndalama zake koma disiki osamupatsa mpaka atabweretsa, anthu ambiri amatuluka ndi risiti n'kumaganiza kuti zatheka.

Galimoto ikachoka provinsi ina kupita ina, tinene ya nambala ya GP, ya ku Gauteng, yagulidwa ndi munthu wa ku Cape Town kapena ku Durban, imapatsidwa nambala yatsopano, ndiye pali ndalama ya mapuleti, koma iyo si yaboma, mumalipira ku mashopu osindikiza mapuleti omwe amakhala pafupi ndi maofesiwa. Inshuwalansi kuno sakakamiza ngati kwathu komwe wapolisi amayamba kuyang'ana pepala la inshuwalansi pagalasi, anthu ovulala pangozi amathandizidwa ndi Road Accident Fund yomwe ndalama yake timalipira kale tikamathira mafuta. Koma ngati inu wogulitsa munali ndi inshuwalansi kapena tracker, imbani muimitse galimoto ikangopita, apo ayi debit order izingodya mwezi ndi mwezi.

Ma runner aja oima pageti, "boss ndikuimireni pamzere", sindinena kuti onse ndi akuba ayi, alipo makampani enieni omwe ntchito yawo ndi imeneyi ndipo amathandiza anthu otanganidwa. Kungoti ndalama yomwe amatchula ndi ya boma kuphatikiza yawo, ndiye muziwafunsa kuti yaboma ndi zingati yanu ndi zingati, ndipo pomaliza akupatseni risiti ya ku ofesi. Pasipoti yanu ya orijino musampatse munthu wapageti. Ndipo NCO ija, ngakhale mutakhala otanganidwa bwanji, imeneyo yokha pitani nokha.

Mwina wogula wanu akufuna kupita nayo kumudzi, izi zimachitika kwambiri kumapeto kwa chaka. Apa mapepala amachuluka ndipo mugwirizane poyamba kuti zonsezo ndi za iye. Galimoto yotuluka m'dziko kotheratu imafuna chilolezo cha apolisi, amaiyang'ana manambala n'kupereka satifiketi ya SARPCCO yosonyeza kuti si yobedwa, ndipo kuyambira Seputembala 2012 galimoto yopita kukatenga chilolezo cha apolisi imayenera kukhala ndi ma microdot, timadontho tating'onoting'ono tokhala ndi nambala tomwe amapopera m'malo osiyanasiyana a galimoto, ngati ilibe ndi ndalama inanso. Pamafunikanso pemiti yotulutsira galimoto yakale kuchokera ku ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi kutuluka m'dziko, ndi mapepala a kasitomu omwe ma ejenti amakonza. Akadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, a MRA akumudikira ndi dyuti, yomwe imayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo kawirikawiri imeneyo ndi yomwe imaposa zonse zomwe tatchula pano kuziphatikiza, kenako ndiye akalembetse ku Road Traffic apatsidwe nambala ya kwathu. Inu mbali yanu ndi yomweija, NCO, ndipo muonetsetse kuti mu kompyuta ya kuno yalembedwa kuti inatuluka. Alipo omwe amangoitulutsa ngati akupita kukacheza, pa pemiti ya masiku ochepa, n'kukaisiya ku Mangochi ikuyenda ndi nambala ya GP. Ngati ili m'dzina lanu layisensi ikuwerengabe kuno, mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto yoti mukaionetse kwa aboma mulibe.

Zobwerera chakuno ndiye musayese n'komwe, galimoto ya nambala ya kwathu yomwe munalowa nayo pa pemiti yoyendera simungaigulitse kwa munthu wa kuno, South Africa siilola galimoto zakale zochokera kunja kulembetsedwa mwachisawawa, ndi chifukwa chake ma ex-Japan amangodutsa pa doko la Durban pa malole kupita maiko ena. Wogula sadzapeza mapepala ndipo galimoto ikagwidwa amalanda.

Papita sabata zitatu kapena zinayi mutagulitsa, dutsaninso ku ofesi kuja kapena lowani pa akaunti yanu ya NaTIS pa intaneti muone galimoto zomwe zili m'dzina lanu. Ikakhala ikuonekabe muimbireni wogula mumukumbutse kuti chilango chake chayamba kuwerenga, nthawi zambiri mawu oti chilango amamudzutsa msanga kuposa kumuchonderera. Bakkie ija nditagulitsa chaka chatha ndinapita limodzi ndi wogula, mnyamata wa ku Mzimba, tinafika 7 koloko mmawa kukuzizira, anadandaula njira yonse kuti achimwene simukundikhulupirira bwanji, ine ndinangoti ndimakukhulupirira kwambiri mphwanga, gwira cholembera usaine apa. Pofika 11 tinali titatuluka, pepala langa lodinda lili mu envelopu ya khaki limodzi ndi pasipoti.